Kalata Yonena za Mutu wa a Longwe

Chaka changa choyamba pantchito

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, azakhali anu adakuuzani kale ndipo adathiramo mchere wokwanira. Ndiyambira tsiku limene lole ya boma idanditula pa kachipatala kena m'mbali mwa nyanja, cha kufupi ndi Ngala, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Ndidatsika ndi sutikesi yamalata ndi satifiketi ya umedikala asisitanti. Za satifiketiyo palibe adafunsa. Kumudzi aliyense wovala malaya oyera ndi dokotala, choncho kuyambira tsiku limenelo ndidasanduka Adokotala, ndevu zisanamere n'komwe bwinobwino.

Kachipatalako kadali ndi zipinda zitatu ndi denga lodontha. Bwana wanga adali a Kachingwe, mkulu amene adayamba kutsuka mabala azungu akadalamulira. Masingano a jakisoni tinkawiritsa m'poto, akabuntha n'kuwanola pamwala ngati mbedza. Mabandeji tinkachapa mpaka kuonekera kuseri. Mankhwala a malungo akatha, ndiye kuti wodwala alandira asipirini ndi mawu okoma basi. Kudalinso fuliji ya palafini imene sidalawepo palafini, ndipo a Kachingwe ankasungamo mabuku awo kuopa chiswe. Koma chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, icho ndiye chidafika nthawi yake, ndi galasi lomwe, ndipo munthu ankachita kupalasa njinga kudzaona ngati tachipachika mowongoka. Mankhwala osabwera miyezi itatu, palibe wofunsa. Chithunzi chingopendama pang'ono, uona zakuda. Ngakhale lero ndikamalemba zimenezi ukali umandigwirabe.

A Kachingwe adandiuza tsiku loyamba lomwelo kuti pantchito pano tizigwiritsa manja, pakamwa tizisiya kunyumba. Ndidayesa ndi zolankhula za munthu wotopa. Adapuma pantchito m'chaka changa chachitatu, n'kundisiyira makiyi, mabuku a m'fuliji aja ndi namwino mmodzi.

Chaka chachinayi, nyengo ya mwera

M'mudzi wa pafupi ndi chipatala mudali mmisiri wosema mabwato, a Longwe. Makolo awo adachokera kumpoto, iwo n'kukulira m'mudzimo, moti ankalankhula Chichewa chonunkhira Chitonga. Asodzi a gombe lonselo ankadikira ngakhale chaka chathunthu kuti bwato lawo aseme ndi a Longwe. Adalinso mkulu wa mpingo, munthu wa mawu ochepa, wakuti banja likagwedezeka anthu ankathamangira kwa iwo. Ine ndidakhala nawo zaka zitatu osamvapo akukweza mawu, ngakhale kwa mbuzi yowadyera chinangwa.

Tsiku lina mmawa adapita kumapiri ndi achimwene awo kukagwetsa mbawa. Mtengo ukugwa, nthambi youma idathyoka n'kuwamenya pamphumi penipeni. Adafika nawo kuchipatala dzuwa lili pamutu, pa machila a nsungwi, atakomoka. Nditachotsa chitenje chimene adawamanga, ndidapeza fupa la pamphumi litalowa m'kati ngati chikho chopondedwa. Ndidatsuka magazi pang'onopang'ono ndi madzi a mchere, ndipo pakati pa zibenthu za fupa ndidaona chinthu chimene kusukulu adatiphunzitsa masiku awiri okha, pa bolodi. Ndidaona ubongo wa munthu wamoyo.

Ana anga, ine ndaona zambiri m'thupi la munthu, koma apa ndidaima kaye. Kanthu kotuwa, kofewa ngati phala la mwana, kakugunda pang'onopang'ono motsatana ndi mtima. Ndiye m'menemo mudali Chitonga ndi Chichewa, chilichonse pamalo pake osasokonezana. M'menemo mudali nyimbo zonse za kutchalitchi, mayina a mphepo za panyanja, nkhope ya mayi awo amene adamwalira kalekale, ndi muyeso wa bwato umene a Longwe sadaulembepo papepala. Ndidayang'ana kuti mwina ndionapo kachizindikiro kosonyeza pamene pagona nyimbo ndi pamene pagona muyeso. Ayi ndithu, phala lokhalokha. Namwino adachita kundigwedeza kuti Adokotala, munthu akutha magazi uyu.

Ambulansi tidalibe. Ndidaimitsa lole ya mpunga yopita ku Boma, tidawagoneka pa matumba, ine nditagwira mutu wawo m'manja ulendo wonse kuti usagwedezeke m'makumbi. Dokotala wa kumeneko adatukula fupa lija n'kusoka. Patatha masiku asanu a Longwe adatsegula maso n'kupempha madzi. Patatha mwezi ndi theka adabwerera kumudzi akuyenda okha, akudziwa aliyense ndi dzina lake. Kutchalitchi adachita mapemphero othokoza, ndipo ine, ndisaname, ndidayenda modzitukumula mwezi wonse.

Chaka chomwecho, mvula ili pafupi

Amene adandiphwetsa ndi akazi awo, a Nyamhone. Adabwera tsiku lina odwala atatha, adakhala pansi pakhonde, n'kunena motsitsa mawu.

“Adokotala, thupi mwandibwezera lomwe lija. Koma munthu wake si yemwe uja.”

Ndidayamba ndaseka, koma atafotokoza kuseka kudatha. Ati Lamulungu lapitalo a Longwe adaimirira pakati pa ulaliki n'kuuza abusa kuti atalikitsa, anthu ali ndi njala. Pamaliro a mnansi adanena mokweza kuti malemuwo adali wakuba maukonde, ndipo onse olirawo akudziwa. Chilichonse chobwera m'mutu chinkangotulukira pakamwa, chabwino ndi chonyansa chomwe. Musaganize kuti adasanduka mneneri ayi. Adasanduka munthu wovuta kukhala naye. Ankapsa mtima ndi kanthu kachabechabe, kenaka n'kuiwala, mnzawo akadali ndi bala mumtima. Ine ndemwe atabwera kudzaonetsa chipsera adandiuza pamaso pa odwala onse kuti ndimayenda ngati bakha. Anthu adaseka, ndipo chowawa n'chakuti sadaname.

Chodabwitsa chidali pa ntchito yawo. Ndidapita kukaona ndekha. Kasemasema m'manja mwawo ankayenda monga kale, bwato likutuluka m'chipika mowongoka kuti see. Manja sadaiwale kanthu. Chimene chidasowa ndi kudziwa polekera. Bwato loyamba adalisema mpaka kuliboola pansi, akuona ndithu kuti thabwa lapyapyala, koma dzanja osaima. Kuyambira pamenepo achimwene awo ankakhala pambali, pakakwana n'kuwagwira paphewa, iwo n'kuleka. Mabwato adayambanso kutuluka abwino, asodzi n'kumabwera monga kale.

Ndidatsegula fuliji ija n'kufufuza m'mabuku a a Kachingwe, ndipo nditapita ku Boma kukatenga mankhwala ndidafunsanso dokotala uja. Zidagwirizana. Ubongo uli ndi zigawo, chilichonse ndi ntchito yake. Kuona kuli kunkhongo, taonani zodabwitsa, maso ali kutsogolo koma woona ali kumbuyo. Dzanja lamanja limalamulidwa ndi mbali yakumanzere. Ndipo kuseri kwa mphumi, pamene padagunda nthambi paja, kuli chigawo chimene ntchito yake yaikulu ndi kuletsa. Mawu akanyamuka kupita kukamwa, icho chimati taima kaye, pali apongozi apa. Tonsefe timaganiza zoipa ndi zopusa tsiku lonse, kungoti tili ndi mlonda ameneyu pakhomo. Wa a Longwe ndiye adavulala. Nzeru zilipo, kukumbukira kulipo, mlonda yekha palibe. Ndidafunsa za mankhwala, dokotala adangopukusa mutu. Ndili m'basi pobwerera mantha adandigwira, poganiza kuti munthu wotere akukhala m'dziko limene tonse tidali moyo chifukwa chodziwa kutseka pakamwa.

Ndidawatsina khutu a Nyamhone kuti kumisonkhano ya chipani asamapite nawo, azinena kuti mutu ukuwawa. Zidatheka miyezi ingapo.

Chaka chachisanu, anthu atakolola mpunga

Kudamveka kuti kubwera alendo akuluakulu a chipani m'boma lathu. Masiku amenewo zikatero ntchito zonse zinkaima. Amayi ankasiya ana odwala kukayeserera magule, asodzi ankaletsedwa kulowa m'madzi tsiku la msonkhano, ndipo nyumba iliyonse inkasonkha mphatso, kaya nkhuku, kaya mazira, kuno kwathu nsomba zouma. Achinyamata a chipani, a malaya ofiira aja, adayenda khomo ndi khomo ndi zibonga kukusa anthu. A Nyamhone adayesa kunena za mutu, koma mnyamata wina adati munthu wotha kusema bwato angalephere bwanji kukhala pansi n'kumvera. Adawatenga. Inenso adanditsekera chipatala, odwala ali pamzere.

Tidakhala pamchenga dzuwa likuswa mtengo. A Tcheyamani a nthambi yathu, wamalonda a nsomba amene ndidawachiza likodzo kawiri, adalankhula nthawi yaitali za mphatso, kuti aliyense apereke mokondwa kwa mtsogoleri wathu wamuyaya. Ndidaona a Longwe akuyamba kutekeseka. Achimwene awo adali kutali, adawakhazika mbali ina. A Longwe adaimirira, ndipo sadakalipe ayi, adalankhula ngati akunena za nyengo.

“Nsomba za chaka chatha zija zidathera kunyumba kwanu, a Tcheyamani. Akazi anu adakagulitsa kumsika, tonse tidaona. Nanga wamuyaya ndiye kuti chiyani? Ameneyo adzafa ngati ine ndemwe.”

Gombe lonse lidangoti zii. Anthu mazana, aliyense maso pamchenga, ine ndemwe pamodzi. Palibe amene sankadziwa za nsombazo. Palibe amene ankakhulupirira kuti kuli munthu wosafa. Koma alonda athu tonse adagwira ntchito yawo bwino lomwe tsiku limenelo, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Achinyamata aja adawagwetsa pansi, kuwamanga nyakula, mbama zikugwa pamutu womwe ndidaunyamula m'manja pa lole ya mpunga. Apo ndiye ndidakuwa kuti pamutu pokha ayi. Adawakokera ku kapolisi ka pamsewu.

Mawa lake adandiitanitsa a Sajeni a pamenepo, munthu wachikulire amene ankaoneka kuti nkhaniyi sikumukomera. Adandiuza mosabisa. Mawu amene a Longwe adanena ndi oti galimoto imabwera kudzakutenga, ndipo opita ndi galimoto imeneyo abale awo sankauzidwa kumene ali. Kukhala kwawo wochokera kumpoto kudangowonjezera moto. Koma poti aliyense akudziwa za ngozi ija, akuluakulu afuna kalata yachipatala. Ndikalemba kuti mutu wawo uli bwino, galimoto ibwera Lachisanu. Ndikalemba kuti ndi wamisala, boma silimanga wamisala, abale adzawatenge.

Ndidapempha kuti ndiwaone kaye. Ndidawapeza atakhala pasimenti, diso litatupa. Ndidawafunsa tsiku, adanena. Mayina a ana awo asanu ndi mmodzi, adatchula motsatana ndi kubadwa kwawo. Ndidawapatsa masamu a pamtima, adapeza yankho ine ndisanamalize kuwerengera. Kenaka ndidafunsa chimene ndidadzera.

“Bambo Longwe, mukudziwa kuti mawu aja angakuphetseni?”

“Ndikudziwa bwino lomwe.”

“Nanga mudawaneneranji?”

Adasisita chipsera chija ndi chala.

“Kale mawu ndinkayamba kuwamva m'kati, n'kusankha. Masiku ano ndimawamva ali panja kale, limodzi ndi inu nonse.”

M'mabuku onse a m'fuliji muja mudalibe adafotokoza bwino chotero. Munthu akuona yekha chimene chawonongeka m'mutu mwake, akuchilongosola ndi mutu womwewo, koma osatha kuchikonza. Wamisala wake uti ameneyo?

Ndidakhala pa tebulo la a Sajeni n'kulemba zoona, tsamba lathunthu. Ndidalemba kuti munthuyu si wamisala, ali ndi bala mu ubongo, pa chigawo choletsa mawu, choncho asaimbidwe mlandu pa zimene pakamwa pake patulutsa. A Sajeni adawerenga mpaka pansi, n'kundibwezera. Adati akuluakulu akangoona mawu akuti si wamisala, ena onsewo sawerenga. Kumeneko kuli mabokosi awiri okha, wabwino ndi wamisala, za pakati kulibe. Tamvani zimenezo! Chinthu chimene Mulungu adachipanga ndi zigawo zosawerengeka, anthu a zibonga adachigawa pawiri ngati chigumu. Adandipatsa mpaka Lachinayi.

Madzulo ake, ndisanafike n'komwe pakhomo, ndidapeza a Tcheyamani akundidikira pansi pa mtengo wa mango. Iwo ankafuna galimoto ibwere, chifukwa nkhani ya nsomba idawavula pagulu. Adati wamisala sasema bwato, ndipo dokotala wobisa mdani wa boma nayenso ndi mdani. Kenaka adayang'ana pakhonde pamene iwe Tamanda unkasewera, Limbani ali kumsana kwa amayi anu, n'kufunsa mwaulemu kuti ana ndi awiri okhawa kodi. Munthu woti ndidamuyezera mkodzo ndi manja angawa! Ndidalakalaka kumulavulira, koma ndidangoti inde bwana, ndi awiriwa.

Ndidagwira njakata masiku awiri. Kulemba kuti ali bwino kudali kufupi ndi zoona, ndipo kukadandisungira ntchito, koma kudali kupha munthu. Kulemba kuti ndi wamisala kudali bodza, bodza loika dzina langa pansi pake, ndiponso kudzipalira makala kwa a Tcheyamani. Amayi anu ndidawafotokozera zonse. Lachitatu ndikuchokera kuntchito ndidapeza atayamba kulonga mbale ndi mapoto m'thumba. Adadziwa chimene ndilembe ine ndisanadziwe.

Lachinayi mmawa ndidalemba mizere iwiri, kuti a Longwe adachita misala chifukwa cha ngozi ya pamutu ndipo sadziwa chimene akunena. Ndidasaina, ndidadinda chidindo. Masana omwewo a Nyamhone adatuluka nawo amuna awo.

Miyezi itatu pambuyo pake

Ndidayesa ndapambana. Ha, kupusa kwanga! A Tcheyamani adaipeza kalata ija, ndipo pa msonkhano wotsatira adaiwerenga mokweza, kawiri, n'kumasulira m'Chitonga kuti pasakhale wotsalira. Adati mwamva nokha, Adokotala atsimikiza, zonse zija za nsomba zidali zamisala. Kalata yanga ndiyo idawachapa. Anthu adaomba m'manja, anthu omwewo amene amadziwa mwambi wakuti wamisala adaona nkhondo.

Zotsatira zake sindidaziganizire, chikhalirecho ndine mwana wa kunyanja. Msodzi sakwera bwato losemedwa ndi wamisala, amati limakutembenukira pakati pa madzi. Nthawi yonse imene a Longwe ankangotchedwa munthu wovulala, asodzi ankapirira pakamwa pawo chifukwa cha manja awo. Chidindo cha boma chitanena kuti misala, amene adaitanitsa mabwato adabweza mawu mmodzimmodzi. Wina adafika pogulitsa bwato labwinobwino limene adalipalasa zaka zisanu. Kumpingo adawatsitsa pa ukulu. Mwana wawo wamkazi woyamba adali pa chitomero, akuchimuna adatumiza ankhoswe kudzanena kuti misala imayenda m'magazi. Ndidapita ndekha kukawafotokozera kuti nthambi ya mbawa siyenda m'magazi. Adandifunsa kuti nanga kalata ija adalemba ndani. Ndidangotembenuka n'kubwerera. Kunena poyera kuti ndidanama kukadaitana galimoto ija, ya anthu awiri tsopano.

Kalata yanga yondisamutsa idafika mvula isanagwe. Adanditumiza ku kachipatala ka kumapiri, kopanda msewu, kumene tidakhala zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo chifukwa chake sadalembe. Tsiku lonyamuka, lole itadzaza katundu, ndidaona a Longwe akubwera, a Nyamhone ali pambuyo. Adaonda, ndipo manja awo adali oyera, opanda utomoni wa mtengo. Adaima patsogolo panga osapereka moni.

“Mayi a kunyumba akuti ndidzathokoze, akuti mudandipulumutsa. Ine sindithokoza. Mudanama, Adokotala.”

A Nyamhone adawagwira paphewa monga ankachitira achimwene awo pa bwato. Ndidati asiyeni amalize.

“Ndidanama, bambo,” ndidavomera.

“Mudandifunsa ana anga, ndidatchula. Masamu ndidakuposani. Inu mukudziwa kuti sindine wamisala.”

“Ndikudziwa.”

Adandiyang'ana nthawi yaitali, mopanda ukali, ngati mmisiri akuyeza chipika.

“Inu mutu wanu ndi wabwino,” adatero. “N'chifukwa chake mumatha kunama. Ine ndikadatha, bwenzi ndikusema.”

Adatembenuka n'kumapita. Dalaivala adaliza hutala, ndipo ine ndidakwera.

A Longwe adakhala moyo zaka zina khumi ndi chimodzi, akulima chinangwa, ana a m'mudzi akuwathawa panjira. Adamwalira chipani chikadali chimodzi, choncho sindidapeze mpata woimirira pagombe paja n'kubweza mawu anga iwo akumva. Mukandifunsa ngati nditabwerera ndingalembenso kalata ija, ndingalembe, ndipo n'chimene chimandipsetsa mtima koposa zonse. Zidzukulu zawo zilipo ku Ngala, zina mwina zimakhulupirirabe kuti agogo awo adapenga. Tamanda, iwe umadutsa kumeneko popita ku Dwangwa. Ukatsike, ukafunse kwa a Longwe osema mabwato, ukawawerengere mawu awa mokweza, kawiri. Agogo awo sadali amisala. Adavulala pamphumi, ndipo zonse zimene adanena pamchenga paja zidali zoona. Wonama adali dokotala.